Abale, ulimi wa manyowa okhaokhawu ukuthekadi kapena tikungonamizana?

MwanaWaKuBembeke
Moni nonse m'gulu muno, mundipirire uthengawu ndi wautali. Chaka chatha ndinapita ku maphunziro a masiku atatu a ulimi wa organic, uja wosathira feteleza kapena mankhwala a m'sitolo, ndinabwerako mutu utatentha zedi. Nditafika ndinawauza mayi anga kuti dimba lakumunsi lija mundisiyire ine, muone zimene sukulu imachita. Ndinatuta ndowe m'khola la amalume, ndinaokera kabichi mbande 600 ndi tomato wa Tengeru mizere isanu. Zimene zatulukamo ndi manyazi okhaokha. Kabichi masamba achikasu, dzuwa likatentha amafota olo ndathirira, mitu yake ngati chibakera, mbozi zaboola masamba ngati sefa. Tomato ndiye chiwawu chinamumaliza sabata imodzi kutangochita nkhungu masiku atatu. Panopa mayi m'mawa amangoti "aphunzitsi a organic adzuka?" Ndiye ndifunse, alipo muno amene akulimadi popanda feteleza n'kumapeza kanthu, kapena ndi nkhani zodyera ma alawansi basi?

Kachewere265
kkkkkk aphunzitsi a organic, mayi anuwo ndawakonda. Aise kuno ku Dedza tomato ndi kachewere popanda kupopera mankhwala a Dithane ndi kutaya mbewu, funsa aliyense amene amagulitsa pa Bembeke turn off akuuza

Gogo_Dimba
Mwanawe, ndowezo zinali zotani? Zinawola kapena unangokumba m'khola n'kukathira?

MwanaWaKuBembeke
Agogo zinali zouma pamwamba koma pansi zonyowa, zosakanikirana ndi mapesi. Ndinathira sabata yomwe ndinaokerayo

Gogo_Dimba
Basi mlandu woyamba ndi umenewo. Ana aja unawapatsa nsima yosapsa.

MlangiziWopuma
Achimwene a ku Bembeke, pepani ndi zimene zakuonekeranizo, koma musathawe. Ine ndagwira ntchito ya ulangizi zaka zambiri mbali ya Ntcheu ndipo anthu olakwitsa ngati inu ndawaona ambiri. Munachotsa feteleza koma simunaike kanthu kokwanira m'malo mwake. Tiyeni tiwerengere limodzi. Urea ali ndi 46 pa 100 ya nayitrojeni, ndiye thumba la 50kg muli 23kg. Ndowe za ng'ombe zimene zakhala pamtetete, dzuwa lake, mvula yake, zikakhala ndi 1 pa 100 ndiye kuti mwachita mwayi. Kuti mufike pa thumba limodzi la Urea mukufunika matani awiri ndi kupitirira, ngolo zingapo zimenezo, osati mawilibala asanu. Komanso chakudya cha m'manyowa sichituluka tsiku limodzi ngati feteleza, chimatuluka pang'onopang'ono, china chaka chino china chaka chamawa. Tsono inu munathira zosawola zodzaza mapesi. Tizilombo ta m'nthaka timene timawoletsa mapesiwo nato timadya nayitrojeni, ndiye poyamba timalanda yemwe mbewu ikanadya, n'chifukwa chake masamba amachita chikasu. Mu ulimi umenewu wodyetsedwa ndi nthaka, nthakayo ndiye imadyetsa mbewu, ndipo nthaka imene yazolowera feteleza zaka 20 singasinthe nyengo imodzi. Dothi la ku Bembeke kwanuko ndi la asidi kale, lofiira lija, limafuna kulinyengerera.

Kachewere265
Bwana mlangizi mwanena nokha, matani awiri. Ine ndili ndi mbuzi zitatu, matani awiriwo ndikawatenga kuti? Zimenezi ndi za anthu a ng'ombe

NangozoTsangano
Achimwene Kachewere musamangoseka anzanu. Ine ng'ombe ndilibe koma chaka chilichonse ndimapanga manyowa a chimato milu isanu kapena isanu ndi umodzi. Ndowe zimangofunika zochepa ngati chotupitsira, zambiri ndi zinyalala zomwe anthu mumatentha mu Ogasiti zija. Pansi ndimayala timitengo ndi mapesi kuti mpweya uzilowa, kenako udzu wouma wodulidula, pamwamba pake zaziwisi monga deliya uja wa maluwa achikasu wodzaza m'mbali mwa msewuyu ndi zotsalira za nyemba kapena soya, kenako ndowe za mbuzi kapena zitosi, kadothi pang'ono ka pamwamba, n'kuwaza madzi. Kubwereza choncho mpaka mulu ufike m'chifuwa. Pakati ndimazika mtengo, ndikamata ndi matope mulu wonse ndimauzula kuti patsale bowo. Pakatha masiku anayi kapena asanu pisani ndodo, ikatuluka yotentha ndiye kuti zikupsa, ikatuluka yozizira ndi youma madzi anachepa, ikanunkha ngati chimbudzi madzi anachuluka. Miyezi iwiri kapena itatu mumapeza zakuda bii, zonunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Amene ali pa changu pali manyowa amene dzina lake ndi changu lomwelo, amenewo mumatembenuza pafupipafupi ndiye amapsa msanga, koma msana umadziwa.

Aphiri_a_Lobi
Mayi Nangozo mwafotokoza bwino. Ine ndiwonjezere za madzi, tengani zinyalalazo m'manja mufinye, zizinyowetsa dzanja koma madzi asamachuche. Koma ine ndinasiya zonsezi, ndimapanga Mbeya. Ndowe za nkhumba 20kg, madeya 20kg, phulusa 10kg, feteleza 10kg, madzi malita 5, kusakaniza bwino, kuika m'thumba la pulasitiki mkati, kumanga, masiku 21 basi, kenako kuyanika pamthunzi. Thumba limodzi la feteleza limabala matumba asanu. Organic yanga ine ndi imeneyo

MtsikanaWaKuBunda
Bambo Phiri pepani, Mbeya si organic, muli feteleza wa m'sitolo 10kg mwanena nokha. Ndi njira yabwino yochepetsera ndalama koma tisaisokoneze dzina. Komanso thumba silibala asanu, feteleza amakhalabe 10kg yemweyo, zinazo zabwera ndi ndowe ndi madeya

Aphiri_a_Lobi
Mwanangu iwe chimanga changa sichidziwa dzina, chimangobereka kkkk

MlangiziWopuma
Onse awiri mukunena zoona. Koma bambo Phiri mukamasula thumba lija mumamva fungo lobaya m'mphuno? Imeneyo ndi nayitrojeni ikuthawa, phulusa likakumana ndi Urea kapena zitosi zaziwisi zimatero. N'chifukwa chake pa chimato phulusa timangowaza pang'ono. Mbeya ine ndimamuona ngati mlatho, munthu amene sangasiye feteleza lero ayambire pamenepo uku akumanga nthaka yake.

MbuziZanga
Ine funso langa ndi lina, manyowa ndinapanga milu itatu pafupi ndi munda, anthu anabwera ndi ngolo usiku n'kututa iwiri. Mpaka kuba ndowa abale?

Kachewere265
ndowa kapena ndowe madala? kkkkk

MbuziZanga
Ndowe aise, foni ikundilembera zake. Koma ndowa anabanso ulendo wina, pamodzi ndi keni yothirira

NangozoTsangano
Feteleza atakwera mtengo chilichonse chasanduka ndalama. Kale zitosi anthu ankakupempha kuti uwachotsere, lero akugulitsa pa thumba. Kwathu kuno chovuta china ndi ziweto, anthu akangokolola amazitayirira, iwe waphimbira munda wako ndi mapesi bwinobwino ng'ombe za eni zabwera zadya zonse, ukakadandaula kwa amfumu akuti nthawi ino ndi ya ziweto. Ana osaka mbewa nawo ndi moto wawo.

MbuziZanga
Mayi musanyoze mbuzi, ndowe mukupangira chimatozo zikuchokera komweko

NangozoTsangano
Ndiye muzizimanga kuti ndowezo zizigwera m'khola mwanu osati m'dimba mwanga zitadya repu

VendaWaLizulu
Ine ndilankhule ngati wogula. Ndakhala pa Lizulu ndikukweza kabichi ndi tomato kupita naye ku Blantyre ndi ku Lilongwe, palibe tsiku limodzi kasitomala anandifunsa kuti kabichiyu anathira chani. Amafuna mutu waukulu, wolimba, wopanda mabowo. Ubwere ndi organic wako wa mabowo ndikupatsa theka la mtengo, ukakana ndipita kwa mnzako. Osakwiya, msika ndi choncho.

Aphiri_a_Lobi
Inu mavenda musayambe, ndowa zanu zokhoma pansi zija zolowa kachewere wa ndowa imodzi ndi theka timazidziwa

VendaWaLizulu
Bambo Phiri transport mukuidziwa mtengo wake? Nanga wowola panjira amalipira ndani

Gogo_Dimba
Za ndowa muzikakambirana pa msika. Koma a venda mwakumbutsa nkhani imene imandiwawa. Alipo alimi amapopera mankhwala madzulo, m'mawa athyola, tomato akufika pa msika ali mbuu ngati wagwa mu ufa, ati kuti asawole msanga. Pa botolo amalemba masiku odikira usanakolole koma ndani amawerenga. Ndipo yang'anani bwino, ambiri a iwo ali ndi kabedi kena kuseri ka ndiwo za pakhomo kamene sapoperako. Ine ndinasiya mankhwala chifukwa cha chifuwa, ndinkapopera opanda chotseka kukamwa, sipuleya ikudontha kumsana. Panopa dimba langa ndi la mpiru, bonongwe, luni, anyezi, karoti, nyemba zaziwisi ndi nkhwani, zaka zisanu ndi ziwiri osagula botolo. Sindinalemere koma sindikongola kwa agro dealer.

MtsikanaWaKuBunda
Agogo zimene mwanenazo ndi zomwe zili m'mabuku. Bungwe la IFOAM, limene limasonkhanitsa a ulimi wa organic padziko lonse, mu 2005 linagwirizana mfundo zinayi, thanzi, kutsatira chilengedwe, chilungamo ndi kusamala. Thanzi akutanthauza la nthaka, mbewu, ziweto ndi munthu pamodzi, chifuwa chanu chija chili momwemo. Chilungamo ndiye mpaka nkhani ya ndowa zokhoma ija ikulowa. Koma kuti ugulitse kunja ndi chizindikiro cha organic pamafunika satifiketi, munda umayamba wakhala zaka ziwiri kapena zitatu osathiramo za m'sitolo, ndipo oyendera amalipiritsa, mlimi mmodzi wa dimba sangakwanitse. Ena amapanga gulu n'kumayenderana okhaokha, amati PGS, zogulitsa konkuno

Kachewere265
Chemwali mfundo zinayizo ndikazipopera pa tomato chiwawu chitha? Tiyankheni za chiwawu, mukuzemba nonse

MlangiziWopuma
Sindizemba achimwene. Chiwawu chikalowa palibe tsamba la mtengo limene limachiza, amene akuuzeni kuti adyo kapena tsabola amachiza chiwawu akukunamizani. Matendawa amakonda kozizira ndi konyowa, ndiye nkhungu ya ku Dedza ndi ku Tsangano ndi kwawo. Ngakhale Dithane yemweyo amateteza tsamba lisanagwidwe, lomwe lapsa kale silibwerera. A organic chimene amachita ndi kuthawa matendawo. Tomato kulima nyengo youma m'dimba osati pakati pa dzinja, kubzala motalikitsa kuti mphepo izidutsa, kumangirira ku mitengo, kuchotsa masamba a m'munsi ndi mphukira, kuthirira pa tsinde m'mawa osati kusambitsa masamba madzulo, kuphimbira kuti dothi lisathovukire m'masamba, ndipo wodwala kumuzula msanga n'kukamukwirira kutali. Kachewere womera yekha wotsalira chaka chatha uja ndi amene amasunga matenda, zulani. Mankhwala a kopa malamulo a organic amalola koma mwa muyezo chifukwa amaunjikana m'nthaka. Amene ali ndi ndalama amafolera ndi pulasitiki kuti masamba asanyowe. Koma kachewere wa dzinja wa Violet kapena Rosita maekala awiri popanda kupopera, chaka cha mvula yambiri, ine sindingamulonjeze munthu kanthu.

Kachewere265
Eya, apa ndiye mwalankhula ngati munthu wamkulu

NangozoTsangano
Koma mbozi ndi nsabwe za m'masamba ndiye zimatheka. Ine ndimagwiritsa chitsamba cha mthuthu, ena amati ombwe. Masamba ndimayanika pamthunzi, kusinja, kuviika m'madzi usiku wonse ndi kasopo pang'ono, kusefa ndi kansalu, kupopera madzulo dzuwa litapepa, makamaka kunsi kwa masamba kumene zimabisala. Sabata iliyonse osadumphitsa, ukadikira kuti zichuluke waluza. Nimu amagwiranso koma kuno kumtunda sakula bwino, ndimachita kuitanitsa kwa achemwali anga ku Sharpevale, a ku Dedza mungapeze ku Golomoti kapena ku Mtakataka. Chenjezo, mthuthu umapha nsomba, musatsukire sipuleya mumtsinje.

MbuziZanga
Nanga fodya? Kwathu amaviika chikonga

MlangiziWopuma
Ameneyo ayi. Ndi poizoni weniweni kwa munthu, malamulo a organic salola, komanso fodya amatha kupatsira tomato matenda a mosaic chifukwa ndi pachibale. Zachilengedwe sizitanthauza kuti zonse ndi zofatsa. Tikanena za ubale, tomato, kachewere, mabilinganya, tsabola ndi fodya ndi banja limodzi, ukachotsa kachewere n'kuika tomato sunachite kasinthasintha, wangosintha malaya. Kabichi, repu, chainizi ndi mpiru nawonso ndi banja limodzi. Koma achimwene a ku Bembeke, mawu anu ena akundivutitsa, munati kabichi amafota masana olo mwathirira. Tapitani mukazule mmodzi wofookayo mutiuze mizu ikuoneka bwanji.

VendaWaLizulu
Mukapeza ali ndi mutu wabwino mundisungire kkk

MwanaWaKuBembeke
Ndabwerako bwana. Ndazula asanu, atatu mizu yake ndi yotupa ngati timbatata, yopindikapindika, tina tayamba kuwola, timizu ting'onoting'ono kulibe. Ndimaganiza kuti ndi mmene mizu ya kabichi imakhalira

MlangiziWopuma
Ndimakayika zomwezo. Imeneyo ndi clubroot, matenda otupitsa mizu, ndipo si organic wabweretsa. Amakhala m'nthaka, amakonda dothi la asidi ndi lonyowa, ndipo amatha kukhalamo zaka zoposa khumi akudikira kabichi. Mizu ikatupa choncho mbewu singamwe madzi kapena kudya, olo mukanathira feteleza wa D Compound ndi CAN yense zikanangochepetsa manyazi. Ndifunse ziwiri, pamalopo kabichi wakhala akulimidwa zaka zingati, ndipo ng'ombe za amalume zimadya chani?

MwanaWaKuBembeke
Kabichi ndi repu chaka ndi chaka chibadwire changa. Mayi akuti zaka zapitazi amaonadi ena ofota chakumunsi koma ochepa. Ng'ombezo timazipatsa zotsalira za kabichi yemweyo tikakolola, timazula ndi mizu yomwe n'kukaponya m'khola.... eish ndaona pamene mukupita

Gogo_Dimba
Ndiye unatuta matenda m'khola n'kuwagawa bedi lililonse ndi manja ako, mwanawe.

Kachewere265
Aphunzitsi a organic anagawa matenda mwachilungamo, mfundo yachitatu ija kkkkkk

MtsikanaWaKuBunda
Achimwene Kachewere mwaloweza mfundo kale, mukubwera bwino

MlangiziWopuma
Zingakhale choncho ndithu, matendawa amadutsa m'mimba mwa ng'ombe osafa, amayendanso ndi dothi la ku khasu, ku mapazi, ndi madzi othirira ochokera kumtunda. Chochita, zulani onse odwala ndi mizu yawo muwotche, asapite m'khola kapena pa chimato, kutentha kwa mulu sikodalirika pa matenda amenewa. Pamalopo musabzalepo kabichi, repu, chainizi kapena mpiru kwa zaka zingapo, zikachuluka ndi bwino. Ikanipo anyezi, karoti, nyemba, chimanga chachiwisi, bonongwe, zonsezi clubroot sazigwira. Thirani laimu wa ulimi miyezi ingapo musanabzale, ameneyu organic amalola chifukwa ndi mwala wogaya chabe, phulusa la nkhuni limathandizanso koma limafunika lambiri. Kwezani mabedi madzi asamadikhe. Nazale yanu ikhale pa dothi limene sipanalimidwepo kabichi, ndipo mbande zogula pa msika muziyang'ana mizu. Mukafuna kudziwa asidi wa dothi lanu funsani alangizi a ku ofesi ya zaulimi (EPA) kwanuko za kapimidwe, kapena ku malo a kafukufuku a Bembeke, muli nawo pafupi.

Aphiri_a_Lobi
Ine ndiye mwandiopsa, mawa ndikazula wanga ndione. Amafotanso chimodzimodzi ndimati ndi chiswe

NangozoTsangano
Achimwene a ku Bembeke, kulakwa kwina munatenga dimba lonse la mayi kuyesera sukulu. Ine ndinayamba ndi mabedi awiri, kwinako ndikuthirabe feteleza. Chaka choyamba mabedi awiriwo anagonja, chachiwiri anafanana ndi enawo, chachitatu ndinaona kuti ndikuthirira kawiri pa sabata pomwe kwinako kanayi, ukakumba nyongolotsi zili yakaliyakali, khasu likulowa ngati m'phala. Pamenepo ndi pomwe bambo akunyumba anasiya kundiseka. Kumunda wa chimanga ndinaikamo nandolo ndi gilisidiya, ndipo msangu ulipo umodzi sindidula, umayoyola masamba nthawi ya dzinja ndiye chimanga cha pansi pake chimasiyana ndi chinzake. Koma kachewere ndimapoperabe, sindinama.

VendaWaLizulu
Mayi Nangozo tomato wanu wa manyowa ngati amakhalitsa osafewa ndiye tikambirane ku inbox, zimenezo ndi zimene ine ndingalipire, osati dzina

MbuziZanga
Nanga za mkodzo wa akalulu zikumveka pa Facebook zija ndi zoona? Wina akugulitsa pa lita

Gogo_Dimba
Mkodzo uliwonse ndi chakudya cha mbewu ukausungunula ndi madzi ambiri, wosasungunula umawotcha. Koma kugula pa lita? Weta akalulu ako awiri, udyenso nyama. Ine ndimaviika zitosi m'thumba mu mgolo wa madzi masabata awiri kapena atatu, ndikasungunula mpaka aoneke ngati tiyi wopanda mkaka ndimathira pa tsinde, osati pa masamba odya, ndipo ndikayandikira kuthyola ndimasiya.

MwanaWaKuBembeke
Zikomo nonse, ndawawerengera mayi uthenga wa bwana mlangizi. Poyamba anakana ati kabichi wadyetsa banja lino inu musanabadwe, koma nditawaonetsa mizu ija anakhala chete kenako anati "ndiye nchifukwa chake kumunsi kuja". Tagwirizana kuti kumunsi kupite anyezi ndi nyemba, kabichi asamukire kumtunda kumene kunali chimanga ndipo azithira feteleza wawo mwa masiku onse, ine andipatsa mabedi atatu a kumapeto. Za kusiya kuponya zitsa za kabichi m'khola ndiye ndikauze amalume ndekha, mayi akuti iwo salowerera. Dzina lija silinachoke. Mayi Nangozo, mbewu ya mthuthu mungandipatseko? Ndipo chimato ndikayamba sabata ino ndi udzu wouma wokhawokha chitheka, poti zaziwisi panopa zikusowa?

NangozoTsangano
Mbewu ilipo yambiri, ndikadzabwera ku Lizulu ndidzakuuzani mudzatenge. Zaziwisi tsikirani kudambo, deliya ndi udzu wa m'mbali mwa ngalande sizisowa, masamba a nthochi ndi makoko a nyemba omwe. Ndowe zokha musakatengenso kwa amalume, pemphani za mbuzi

MbuziZanga
Za mbuzi ndili nazo, thumba limodzi ndikupatsani ulere, lachiwiri mugula. Mubwere masana ndikuoneni nkhope, a ngolo usiku aja sindinawagwirebe